Malaibulale a Mapulogalamu: Zodalira Zosankha ndi Kalondolondo Wobwera Atayatsidwa Kale

Mwana wophunzira ku University of Toronto kapena ku Toronto Metropolitan University akauza makolo kuti usiku wonse wakhala “akulimbana ndi laibulale,” nthawi zambiri sakunena nyumba ya mabuku ya pa 789 Yonge Street ija. Kwa olemba mapulogalamu a kompyuta, laibulale ndi mtolo wa code imene munthu wina analemba kale kuti izigwira ntchito inayake, monga kuwerenga fayilo ya Excel, kujambula mapu, kapena kudziwa pamene foni ili. Wopanga app salemba zonse yekha. Amatenga malaibulale a anzake n’kuwalumikiza, moti app imodzi ya m’foni mwanu ikhoza kunyamula malaibulale ambirimbiri amene mayina awo simudzawaona pa sikirini.

Pali zinthu ziwiri zimene mwini laibulale amasankha m’malo mwa anthu onse odzaigwiritsa ntchito. Choyamba ndi zodalira: ndi malaibulale ena ati amene abwere nayo limodzi mokakamiza, nanga ndi ati amene munthu adzisankhire yekha. Chachiwiri ndi makonzedwe obwera nawo, makamaka a kalondolondo: kodi pulogalamu ikangoikidwa iyambe yokha kulemba ndi kutumiza zimene mukuchita, kapena idikire kuti muvomere kaye? Pa Chingerezi mawu ake ndi optional dependencies ndi default settings, ndipo ana anu amakumana nawo m’maphunziro awo.

Kukhitchini nkhaniyi timaidziwa kale. Mchere umene wophika wathira m’ndiwo aliyense amaudya, afune asafune. Koma botolo la Nali limaikidwa pambali kuti wofuna adzithirire. Akatswiri amakangana pa funso lomweli: n’chiyani chikhale mchere, n’chiyani chikhale tsabola.

Zimene zinachitika ndi app ya khofi

Likulu la Tim Hortons lili mu Exchange Tower pa 130 King Street West, pakatikati pa mzinda wa Toronto. Mu May 2019 kampaniyi inatulutsa app yake yokonzedwanso, ndipo mkati mwake munali code ya kampani ina ya ku America yotchedwa Radar, imene ntchito yake ndi kudziwa pamene foni ili. Ogula khofi sankadziwa za Radar. Iwo ankangoona app ikupempha chilolezo choti izidziwa malo awo, zomwe n’zomveka kwa munthu wofuna sitolo yapafupi.

Mtolankhani wa nyuzipepala ya Financial Post, James McLeod, anapempha kampaniyi kuti imupatse zonse zimene ikusunga zokhudza iye. Mu June 2020 analemba zimene anapeza: app ija inali italemba malo amene iye anali maulendo oposa 2,700 m’miyezi yosakwana isanu, ngakhale pa nthawi imene sanaitsegule. Akuluakulu oona za chinsinsi cha anthu a boma la Canada, pamodzi ndi anzawo a ku Quebec, Alberta ndi British Columbia, anafufuza nkhaniyi n’kutulutsa zotsatira pa 1 June 2022. Anapeza kuti munthu akamayenda, app inkalemba malo ake pakangopita mphindi zochepa, ndipo makinawo ankayerekeza kumene munthuyo amakhala, kumene amagwira ntchito, nthawi imene ali pa ulendo, komanso ngati walowa m’sitolo ya opikisana nawo. Anapezanso kuti anthu ambiri anapatsidwa chithunzi choti malo awo azidziwika pokhapokha app ikakhala yotsegula, pamene sizinali choncho. Cholinga chinali chotsatsira malonda munthu aliyense payekha, koma kampaniyo sinazigwiritse ntchito motero, ngakhale inapitiriza kutolera mpaka mu August 2020. Milandu ya gulu imene inatsatira inatha ndi mgwirizano woti okhudzidwa alandire chakumwa chotentha chimodzi ndi chophika chimodzi monga donati.

Tisanamizire makina: code ya Radar sinalowe mozemba, Tim Hortons inaiika dala. Koma kwa mayi amene akugula khofi pa Union Station m’mawa, kalondolondoyu anali mchere wothiridwa kale. 

Nkhani inanso ya pafupi pomwepo ndi ya Cadillac Fairview, eni ake a Eaton Centre. Mu October 2020 ofufuza anapeza kuti m’zikwangwani za magetsi zolozera masitolo m’malo ake ogulitsira 12 munali makamera aang’ono amene anajambula nkhope pafupifupi 5 miliyoni. Manambala oimira nkhopezo ankasungidwa ndi kampani ina yowathandiza, ndipo Cadillac Fairview inati sinkadziwa kuti nkhokwe imeneyo ilipo. Chidutswa cha pulogalamu chochokera kwa ena chikhoza kuchita zoposa zimene wochiikayo akudziwa.

Kodi zodalira n’chiyani, ndipo amazisanja bwanji?

Laibulale A ikamafuna laibulale B kuti igwire ntchito, B ndi chodalira cha A. Vuto lake n’lakuti B nayo ili ndi zodalira zake. Zili ngati kuitana munthu mmodzi ku chinkhoswe, iye n’kubwera ndi alamu ake, alamuwo n’kubwera ndi anzawo a ku mpingo. Wophunzira amalemba lamulo limodzi loika laibulale imodzi, kenako amaona mizere yambirimbiri ikuyenda pa sikirini.

Mu Python, chinenero chimene ana ambiri amayambira, mwini laibulale amalemba zodalira zake m’fayilo yotchedwa pyproject.toml, motsatira dongosolo la PEP 621 la 2020. Muli mndandanda wotchedwa `dependencies`, wa zinthu zimene zimabwera nthawi zonse, ndi chigawo cha `optional-dependencies`, m’mene amaika magulu okhala ndi mayina. Chitsanzo chodziwika ndi pandas, laibulale yowerengera manambala a m’matebulo. Siingagwire ntchito popanda NumPy, choncho NumPy ndi yokakamiza. Koma openpyxl, yowerengera mafayilo a Excel, ili m’gulu losankha lotchedwa excel. Wofuna Excel amalemba `pip install pandas` n’kuwonjezera dzina la gululo m’mabulaketi a makona kumapeto kwa dzina la pandas. Wosaifuna salandira katundu ameneyu. Munthu akayesa kutsegula fayilo ya Excel alibe openpyxl, pandas imaima n’kumuuza dzina la chimene chikusowa. Mu 2024 panabweranso PEP 735, imene inakhazikitsa magulu ena a zipangizo za mwini laibulale yekha, monga zoyesera code, zomwe wogwiritsa ntchito wamba safunika kuzilandira.

Chenjerani, mawu oti “chosankha” satanthauza chimodzimodzi kulikonse. Mu npm, nkhokwe ya malaibulale a JavaScript, zimene zalembedwa pa `optionalDependencies` zimaikidwa ndithu, kungoti zikakanika kuikika ntchito siima. Zinapangidwira zinthu monga fsevents, imene imagwira pa makompyuta a Mac okha. Wosazifuna ayenera kulemba `--omit=optional`. Mu Debian ndi Ubuntu muli masitepe atatu: Depends ndi zokakamiza, Recommends zimabwera zokha pokhapokha mutalemba `--no-install-recommends`, ndipo Suggests zimangotchulidwa koma sizibwera. Ophunzira ambiri amasokonezeka apa chifukwa amatenga tanthauzo la Python n’kupita nalo kwina.

Kusanja bwino kuli ndi zizindikiro zake. Magulu amatchulidwa ndi ntchito yake, monga excel kapena plot, kuti munthu asavutike kuloweza mayina a malaibulale a mkati. Chodalira chosankha sichiitanidwa pamwamba pa fayilo, chifukwa chikatero pulogalamu yonse igwa kwa aliyense amene alibe chinthucho. Chimaitanidwa mkati mwa ntchito imene ikuchifunayo. Chikasowa, uthenga uzinena momveka choti munthu aike. Ndipo mwini laibulale ayese code yake pa kompyuta imene ili ndi zokakamiza zokha, chifukwa pa kompyuta yake zonse zilipo kale ndipo sangaone pamene pathyoka.

Chifukwa chake zili zofunika

Chifukwa choyamba n’chapafupi kwa aliyense amene ali ndi abale ku Mzuzu, ku Chipata kapena ku Tete. Intaneti ya m’nyumba za ku Toronto imameza mafayilo aakulu munthu osazindikira n’komwe. Msuweni amene akuphunzira code yomweyo ndi bandulo ya Airtel kapena TNM amamva megabaiti iliyonse m’thumba. Pulogalamu imene imatumiza malipoti mwakachetechete imadyanso bandulo yomweyo.

Chachiwiri ndi chitetezo, ndipo chitsanzo chake ndi xz. Pa 29 March 2024 katswiri wina, Andres Freund, analengeza kuti wapeza khomo lachinsinsi mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1, laibulale yopanikiza mafayilo kuti achepe. Anayamba kukayikira ataona kuti kulowa mu seva kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi. Chodabwitsa n’chakuti pulogalamu yolowera mu seva, OpenSSH, siidalira xz. Koma mitundu ina ya Linux inailumikiza ku laibulale ya systemd pofuna kantchito kakang’ono, ndipo laibulale ya systemd inkabwera ndi xz. Mlendo wa mlendo ndi amene anali ndi mpeni. Mu systemd 256, imene inatuluka mu June 2024, malaibulale opanikiza mafayilo anasiya kulowa okha. Amaitanidwa pokhapokha akafunika.

Zolemba za m’nyumba ndi malipoti opita kunja

Kalondolondo wa mapulogalamu ali pawiri, ndipo anthu amawasakaniza. Logging ndi kaundula amene pulogalamu imalemba pa makina omwewo, wonena zimene zachitika ndi nthawi yake, ngati buku la mlonda wa pageti. Telemetry ndi malipoti amene amachoka pa makina anu kupita kwa eni pulogalamu. Woyambayo amathandiza pokonza zowonongeka. Wachiwiriyo ndi amene amabweretsa mafunso a chinsinsi.

Pa logging, mwambo wa Python ndi wabwino kuutsanzira. Malangizo ake amati laibulale isasankhe kumene zolemba zake zipite. Iziika chotchedwa NullHandler n’kusiyira wopanga app kuti asankhe. Popanda makonzedwe ena, mauthenga a msinkhu wa WARNING kupita m’mwamba ndi amene amaoneka. Laibulale ndi mlendo m’nyumba ya eni ake, sayenera kuyamba kukhoma misomali m’zipupa.

Kuti logging nayo ingapweteke, dziko linaona mu December 2021. Log4j, laibulale ya Java yolembera kaundula, inali ndi luso lina loti ikaona mawu olembedwa mwanjira inayake m’uthenga, inkapita pa intaneti kukatenga zimene mawuwo akuloza. Lusoli linalowa mu 2013, ndi anthu ochepa amene ankalifuna, koma linabwera loyatsidwa kwa aliyense. Zigawenga zinapeza kuti zikhoza kulamula seva pongoitumizira mzere umodzi wa mawu. Ana osewera Minecraft ya Java anali m’gulu la oyamba kumva za vutoli, chifukwa uthenga wa pa chat unali wokwanira. Canada Revenue Agency inatseka kaye mautumiki ake a pa intaneti podziteteza, ndipo boma la Quebec linatseka mawebusaiti pafupifupi 4,000. Makolo amene analephera kulowa mu akaunti ya msonkho masiku amenewo, chifukwa chake chinali chimenechi. Pokonza, eni Log4j anazimitsa lusolo mu 2.15.0 ndi 2.16.0 kuti lisamabwere loyatsidwa.

Pa telemetry pali njira ziwiri. Opt-out ndi yoti malipoti amayamba okha, wosafuna azimitse. Opt-in ndi yoti sayamba mpaka munthu atavomera. Homebrew, imene ophunzira a Mac amaikira mapulogalamu, inayamba kutolera ziwerengero mu 2016 mwa njira yoyambayo. Mumazimitsa polemba `brew analytics off`. Visual Studio Code nayo imatumiza malipoti mpaka mutasintha `telemetry.telemetryLevel` kukhala off. Debian ili ndi kapulogalamu kotchedwa popularity-contest, kamene kamafunsa kaye pa nthawi yoika, ndipo yankho loikidwiratu ndi lakuti ayi.

Okonda opt-out ali ndi mfundo, tisawanyoze. Anthu ambiri sasintha makonzedwe alionse, choncho mukadikira kuti avomere okha, mumamva za kagulu kochepa ka akatswiri, ndipo mavuto a anthu wamba simuwaona. Koma mfundo yomweyo ikutanthauzanso kuti ambiri amene “avomera” mwa opt-out sanavomere kanthu, sanadziwe chabe. Chinenero cha Go chinadutsa mu mkangano umenewu poyera. Mu February 2023 mtsogoleri wake pa nthawiyo, Russ Cox, anapereka ganizo loti zipangizo za Go zizitumiza ziwerengero zokha. Anthu atadandaula kwambiri, anasintha kukhala opt-in. Kuyambira Go 1.23 ya August 2024, ziwerengero zimalembedwa pa kompyuta yanu basi, ndipo zimatumizidwa pokhapokha mutalemba `go telemetry on`. Mwa njira zonsezi, iyi ndi imene ine ndimaiona ya ulemu: munthu akhoza kutsegula n’kuona zimene zalembedwa asanavomere kuti zipite.

Nkhani ziwirizi, ya zodalira ndi ya kalondolondo, zimakumana mu OpenTelemetry, ntchito imene inabadwa mu 2019 pophatikiza OpenTracing ndi OpenCensus. Inagawidwa dala pawiri. Gawo la API ndi laling’ono ndipo palokha silitumiza chilichonse. Laibulale imadalira limeneli lokha. Gawo la SDK ndi limene limatolera ndi kutumiza, ndipo amaliika ndi wopanga app, amene amasankhanso kumene malipoti apite. Mwa njira imeneyi kalondolondo amakhala chodalira chosankha, ndipo udindo umakhala pa munthu amene akudziwa ogwiritsa ntchito ake.

Zimene malamulo amanena

Ganizo loti chinsinsi chizibwera chotetezedwa kale linakulira ku Toronto komweko. Ann Cavoukian, amene anali mkulu woona za chinsinsi cha anthu m’chigawo cha Ontario kuyambira 1997 mpaka 2014, ndiye anayambitsa mfundo zisanu ndi ziwiri zotchedwa Privacy by Design. Yachiwiri mwa izo imati munthu asachite kalikonse kuti atetezedwe. Akangosiya zinthu momwe zabwerera, chinsinsi chake chikhale chosungika. Mu 2010 msonkhano wa akuluakulu oona za chinsinsi a m’mayiko osiyanasiyana unavomereza mfundozi ku Jerusalem, ndipo zinalowa mu gawo 25 la lamulo la GDPR la ku Ulaya, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018. Mayi Cavoukian anali mlangizi wa Sidewalk Labs, kampani yachibale ya Google imene inkafuna kumanga dera lodzaza ndi makina olondola zochitika ku Quayside, m’mphepete mwa nyanja ya Ontario. Anatula pansi udindowo mu October 2018 ataona kuti panalibe chitsimikizo choti makampani onse olowa nawo azichotsa zizindikiro za anthu pa malo pomwe atolera uthengawo. Ntchitoyo inathetsedwa mu May 2020.

Ku Ontario makampani a malonda amayendera lamulo la dziko lonse la PIPEDA la 2000, limene limafuna chilolezo chenicheni komanso kuti cholinga chotolera uthenga chikhale chomveka kwa munthu woganiza bwino. Quebec inapita patsogolo: kuyambira pa 22 September 2023, Law 25 imati katundu wa luso lamakono wogulitsidwa kwa anthu, ngati ali ndi makonzedwe a chinsinsi, azibwera ali pa mlingo wotetezeka kwambiri. Ku Malawi kuli Data Protection Act ya 2024, ndipo bungwe loyang’anira ndi MACRA. Mwana amene akulembera app bizinesi ya amalume ake ku Lilongwe ali ku Toronto adziwe kuti kumudzi nakonso kuli lamulo la zimenezi.

Zimene banja lingaone pa foni

Simungachotse laibulale mkati mwa app ya eni ake, koma mukhoza kuimana chakudya. Pa iPhone pitani ku Settings, kenako Privacy & Security, kenako Location Services. Pa Android pitani ku Settings, kenako Location, n’kuona zilolezo za app iliyonse. Mawu ake amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni. App ya khofi, ya masewera kapena ya sitolo siifunika chilolezo cha nthawi zonse. Chilolezo cha “pamene ndikuigwiritsa ntchito” n’chokwanira, ndipo kuyambira iOS 14 ndi Android 12 mukhozanso kuipatsa dera lokha m’malo mwa malo enieni. App Privacy Report ya pa iPhone, imene muyenera kuiyatsa nokha, imaonetsa ma app amene atsegula malo, kamera kapena maikolofoni m’masiku 7 apitawa, ndi ma adiresi a pa intaneti amene alankhula nawo. Android 12 kupita m’tsogolo ili ndi Privacy dashboard. Bungwe la ku France lotchedwa Exodus Privacy lili ndi webusaiti yaulere imene mumalembapo dzina la app ya Android n’kuona mndandanda wa malaibulale a kalondolondo amene ali mkati mwake. Ntchito imeneyi njabwino kuichita awiri, chifukwa mwana amadziwa pamene pali batani, koma kholo ndi limene limadziwa kuti foni ya agogo isamauze anthu achilendo kumene iwo amagona.

Njira imene McLeod anagwiritsa ntchito ndi yotsegukira aliyense amene kampani ya malonda ya ku Canada ikusunga uthenga wake, kaya ndi nzika kaya ayi. Mumalembera kalata kapena imelo munthu woona za chinsinsi pa kampaniyo, amene adiresi yake imapezeka m’chikalata chawo cha privacy policy, n’kupempha uthenga wonse umene akusunga wokhudza inu, mmene augwiritsira ntchito, ndi makampani ena amene awapatsako. PIPEDA imawapatsa masiku 30 kuti ayankhe, mwaulere kapena pa mtengo wochepa, ndipo pa zifukwa zina akhoza kuwonjezera masiku ena 30 atakudziwitsani. Akapanda kuyankha kapena akakana, dandaulo limapita ku Office of the Privacy Commissioner of Canada, ndipo kudandaulako salipiritsa.